Kuharanga Koyamba pa Msika wa Tazolowera

Tangoganizani, owerenga: mu ufumu wonse wa Tcherakhutu, kuyambira kumapiri a Sitinaone mpaka kuchigwa cha Tidzaona, kodi munthu woyamba kuharangidwa anali yani? Ngati mawu akuti kuharanga akukudabwitsani, musade nkhawa. Anthu a ku Tcherakhutu nawonso sankawadziwa mpaka chaka chimene Mfumu Ndanenabasi inapita kutsidya la nyanja kukapimitsa maso.

Kutsidya kuja, madokotala atamaliza ntchito yawo, mfumu inatengedwa kukaona mzinda. Pa bwalo lina inapeza bambo wina ataimirira pa bokosi, nkhope ili psu, akukuwa ndi kuloza chala anthu amene anamuzungulira. Anthuwo sankathawa. Ena ankadya zakudya zawo uku akumvetsera. Mfumu inafunsa womasulira kuti bamboyo akuchita chiyani, ndipo womasulirayo anatchula mawu a Chingerezi akuti harangue. Mfumu inabwerera kwawo ndi magalasi atsopano, chipewa chaubweya chosavalika ku Tcherakhutu chifukwa cha kutentha, ndi mawu amenewo.

Itangofika inaitanitsa nduna zake. Pa bwalo panali nkhani zimene zinkadikira kuyambira kale, monga ya mlatho wa pa mtsinje wa Dikirani umene unakokoloka, ndi ya nkhokwe za ufumu zimene zinkatha chimanga popanda khoswe kuoneka. Nkhanizi zinapemphedwa kuti zidikirebe.

"Mayiko otukuka amaharanga," inatero mfumu. "Ife timangolankhula. N'chifukwa chake tatsalira."

Nduna ya Maphunziro Akuya, a Mwandimvetsa, anatumiza munthu kunyumba kwawo kukatenga buku lalikulu la matanthauzo a mawu a Chingerezi. Bukulo linachedwa kufika chifukwa linali litachirikiza mwendo wa tebulo. Litafika, a Mwandimvetsa ananyambita chala, natsegula, nakonza kukhosi.

"Mwinidziko, bukuli likuti kuharanga ndiko kulankhula kwa gulu la anthu mokweza, mwaukali, kwa nthawi yaitali, powadzudzula kapena kuwakakamiza kuti asinthe. Oharangidwawo sayankha."

"Sayankha?" inafunsa mfumu, maso akuwala kuseri kwa magalasi.

"Sayankha, Mwinidziko."

"Mawu abwino kwambiri."

Nduna ya Misewu, a Mawatiyamba, anakweza dzanja. "Nanga dzulo, pamene ndinkazazira dalaivala wanga chifukwa cholowetsa galimoto m'dzenje, ndinkaharanga?"

"Ayi, kumeneko ndi kuzazira wamba," anayankha a Mwandimvetsa. "Kuharanga kumafuna anthu ambiri, malo okwera ndi thukuta. Munthu sungaharange monong'ona. Sungaharange moyamikira. Sungaharangenso uli wekha kubafa, ngakhale ukuwe chotani. Payenera kukhala oharangidwa."

"Oharangidwa tili nawo," anatero a Chatsalanchanga, Nduna ya Nkhokwe, akusisita mimba. "Dziko lonse lilipo."

Lamulo linatuluka tsiku lomwelo. Loweruka likubweralo anthu onse, odwala ndi amoyo, anayenera kusonkhana pa msika wa Tazolowera kuti aharangidwe koyamba. Mfumu ikanakonda kuharanga yokha, koma madokotala a kutsidya anali ataiuza kuti kupsa mtima kumaononga maso. Choncho panafunika Mharangi Wamkulu wa Ufumu. Akachita bwino, adzalandira njinga ndi yunifolomu ya mabatani onyezimira. Akalephera, adzatumizidwa ku Chilumba cha Chete kukaweta abakha a mfumu, ndipo palibe amene anapita kumeneko n'kubwerako akukumbukirabe njira ya kwawo.

Ku msika nkhaniyi inafika nthawi ya chakudya chamasana.

"Akuti Loweruka tiharangidwa," anatero mayi wogulitsa tomato.

"Ndi katemera?" anafunsa wosoka nsapato.

"Ayi. Akuti kutikalipira."

"Ndiye chatsopano n'chiyani pamenepo?"

"Akuti kwa ulendo uno n'kwa Chingerezi."

"Oo. Ndiye tichape zovala."

Kupeza Mharangi sikunavute. Aliyense ankadziwa Lufeyo Kamzingeni, wolengeza maliro ndi mbuzi zosowa. Lufeyo akaima pa chulu n'kulengeza maliro a m'mudzi mwake, anthu a midzi ya kutsidya kwa Dikirani ankafika ndi nkhuni asanaitanidwe. Koma mawu amphamvuwo ankakhala m'thupi la munthu wofatsa, amene ankapepesa ngakhale kwa nkhuku akaiponda. Asilikali a mfumu anamupeza akupalira mbatata, ndipo anamutenga khasu lili m'manja.

Masiku otsatira a Mwandimvetsa anamulowezetsa pamtima mawu onse oti akaharangire, kuseri kwa nyumba yachifumu. Mawuwo analembedwa ndi nduna zonse mothandizana, ndipo nduna iliyonse inaikamo zimene zinkainyansa mwa anthu wamba.

"Dzanja lamanja uziliongola chonchi," ankatero a Mwandimvetsa. "Chala chiziloza amene ali kutsogolo kwako. Ukayamba usaime, ngakhale wina akomoke. Tayesa."

Lufeyo anayesa. Akhwangwala anabalalika m'mitengo, ndipo wophika wa mfumu anataya poto.

"Bwino kwambiri. Koma nkhope yako ikuoneka ngati ukupempha mchere. Kwinya."

Lufeyo anakwinya, kenako anakanda m'mutu. "Bwana, ndili ndi kafunso. Lamulo likuti anthu onse akakhalepo?"

"Onse."

"Ndiye kuti apongozi anga akakhalaponso. Amagulitsa thobwa pamsika pomwepo."

A Mwandimvetsa anatsegula buku lija, nayendetsa chala pa tsamba kuchokera pamwamba mpaka pansi, natembenuza kuti aone ngati nkhaniyo ikupitirira kuseri. "M'bukumu mulibe apongozi," anatero. "Aharangidwe limodzi ndi anzawo."

Apa m'pamene panali vuto. Lufeyo anali mkamwini m'mudzi wa Khalapansi. Nyumba imene ankagona inali pa malo a mayi Nachanza, amayi a mkazi wake Esinati. Munda umene ankalima unali wa mayi Nachanza. Ngakhale chulu chimene ankalengezerapo maliro chinali m'munda wa mayi Nachanza. Ndipo ku Tcherakhutu, malamulo a mfumu ankasintha nyengo ndi nyengo, koma mwambo wa mkamwini ndi apongozi unali wosagwedezeka. Mkamwini sayang'ana apongozi kumaso. Akakumana nawo panjira amapatukira kutchire. Sawalankhula mwachindunji, ndipo kuwakwezera mawu ndi chinthu chimene ankhoswe sachedwa nacho: mkamwiniyo amapinda mphasa yake tsiku lomwelo. Lufeyo anausunga mwambowu mokhulupirika kuyambira tsiku la ukwati. Nkhope ya apongozi ake sankaidziwa bwino. Ankawazindikira ndi mapazi, ndi m'mphepete mwa chitenje chawo cha maluwa achikasu, ndipo miyendo yake inali ndi zipsera za minga ya m'tchire lonse la Khalapansi.

Lachisanu masana anapeza Esinati akutong'ola chimanga pakhonde.

"Amake Lonjezo, kodi amayi sangadwale mawa?"

"Adwale bwanji? Munthu amadwala pa pulogalamu?"

"Mutu chabe. Kapena mwendo. Asilikali ndikawafotokozera ine."

"Thobwa afulula kale. Mukufuna lisase?"

Kuseri kwa mpanda wa bango kunamveka kutsokomola. Lufeyo ananjuta pansi msanga, nayang'ana nyerere. Mayi Nachanza anali pomwepo nthawi yonseyi, akutsuka ndowa.

"Esinati," anatero mayiwo, mawu ali phee, "uwauze amuna akowo kuti ine sindinadwalepo pa tsiku la msika, ndipo sindiyamba mawa."

"Akuti sadwala," anatero Esinati.

"Amake Lonjezo," anatero Lufeyo akuyang'anabe pansi, "muwauze amayi kuti mawu amene ndikanene mawa si anga. Ndi a boma. Ine ndangobwereketsa pakamwa."

"Akuti angobwereketsa pakamwa."

"Esinati, uwafunse amuna akowo. M'mawu a bomawo muli zotani?"

Lufeyo anatembenukira kwa mkazi wake. "Muli... alesi. Muli odya thukuta la anzawo. Muli okonda mthunzi."

"Akuti muli alesi," anatero Esinati, manja osaleka kutong'ola.

Ndowa inasiya kulira. "Esinati, uwauze kuti ine ndinagwetsa mitengo ya m'munda umene akudyawo iwo asanamere mano. Mawa ndikakhala kutsogolo kwenikweni, kuti ndimve bwino. Pakamwa pakhale pobwereka kapena pogula, chala chikandiloza ine n'kumveka mawu akuti mlesi, asabwererenso kuno. Khasu lawo tidzawatumizira."

Esinati anayang'ana mwamuna wake. "Mwamva nokha, kapena ndibwereze?"

"Ndamva."

"Nanga ku Chilumba cha Chete amalola akazi kukacheza?"

"Akuti salola."

"Ndiye muganize bwino, bambo a Lonjezo. Ine abakha sindipikisana nawo, komanso amayi sindikangana nawo."

Loweruka linacha ndi dzuwa laukali. Pakati pa msika anamangapo nsanja ya matabwa, amene ena ankati ndi omwe anagulidwa kuti akonzere mlatho. Kutsogolo kwa nsanjayo kunakhala anthu, pansi, padzuwa, ndi madengu awo, mbuzi zawo ndi ana kumsana. Kumbuyo kwake anakhomako tenti yaikulu yoyera. M'tentimo munali mipando ya wofuwofu: wa mfumu patsogolo pakatikati, ya nduna kumbuyo kwake, ndipo kumapeto kwenikweni kunaima asilikali ogwira mikondo ndi mabotolo a zakumwa. Mfumu inavala chipewa chaubweya chija, popeza linali tsiku la zinthu zakunja.

A Mwandimvetsa anayamba ndi kufotokozera anthu udindo wawo.

"Lero mulowa m'gulu la mayiko otukuka. Mukamaharangidwa simuyankha, simufunsa, simuchoka. Ntchito yanu ndi kumva kuwawa mumtima n'kusintha. Pali funso?"

"Mwati sitifunsa," anatero wosoka nsapato.

"Bwino kwambiri. Mwamvetsa."

Lufeyo anakwera pa nsanja atavala yunifolomu yobwereka, imene mabatani ake ankamufinya pachifuwa. Anayenda mpaka m'mphepete, maso ali pansi monga mwa chizolowezi chake. Anakoka mpweya. Anayamba kukweza dzanja. Ndipo pansi pa nsanja, malo oti akanagwetsa batani likanagwera m'thobwa, anaona ndowa, mapazi awiri odziwika bwino, ndi m'mphepete mwa chitenje cha maluwa achikasu.

Zimene zinachitika pamenepo Lufeyo sanaziganize. Miyendo yake inachita zimene inakhala ikuchita zaka zonse za ukwati wake: inafuna tchire. Koma pa nsanja panalibe tchire. Kumanzere kunali phompho, kumanja kunali phompho. Choncho thupi lonse linatembenuka, napereka msana kwa apongozi ake mwaulemu wonse, ndipo pamodzi ndi iwo anaupereka kwa msika wonse wa Tazolowera. Atakumbukira abakha, anatsinzina mwamphamvu, naongola dzanja monga anaphunzitsidwira, natsegula pakamwa.

"Inu alesi! Inu okonda mthunzi, anzanu akupsa ndi dzuwa!"

Nsalu ya tenti inagwedezeka. Mbuzi zinasiya kubzikula.

"Mumadya zimene simunalime. Mumakolola pamene simunadzale. Manja anu ndi osalala ngati a khanda, koma pakamwa panu sipapuma. Dziko lino lasauka chifukwa cha inu. Mlatho unagwa, inu muli phee, kudikira kuti wina adzakumangireni. Chimanga chikutha m'nkhokwe, inu mimba zikungokula. Mukafunsidwa mumati mawa. Mawa lake liti? Mwakhala pansi nthawi yaitali moti matako anu aiwala kuti muli ndi miyendo."

Anthu a pamsika anayang'anizana. Anali atabwera okonzeka kumva kuwawa mumtima, ena atabweretsa ndi mtedza woti azitafuna podikira kuti zithe. Tsopano ankaona msana wa Mharangi, ndi chala chake chikuloza cha kutenti.

"Kani kuharanga n'kumeneku?" ananong'ona mayi wa tomato.

"Azungu ali ndi nzeru," anayankha wosoka nsapato. "Sunthani pang'ono, ndione bwino."

M'tentimo a Mwandimvetsa anayamba kuzunguza chala m'mwamba, kusonyeza Lufeyo kuti atembenuke. Koma Lufeyo anali chitsinzinire. A Mwandimvetsa anafuna kumukuwira, koma anakumbukira kuti iwo omwe anali atangolengeza kuti oharangidwa sayankha, ndipo kuyankha kukanakhala kuvomera kuti akuharangidwa. Anatsitsa dzanja, nayamba kuyang'ana denga la tenti ngati munthu wofufuza pamene pakudontha. A Chatsalanchanga, amene anali ndi ntchafu ya nkhuku m'manja, anaitsitsa pang'onopang'ono mpaka inabisala pansi pa mpando. A Mawatiyamba anamva mawu akuti mawa, amene iwo eni anawaika m'zolankhulazo pofuna kudzudzula anthu ochedwa kupereka msonkho, ndipo anayamba kumanga chingwe cha nsapato chimene chinali chomanga kale.

Lufeyo sanaime, pakuti anauzidwa kuti asaime. Thukuta linatsika m'khosi, batani limodzi linathothoka n'kuuluka, mawu anakwera mpaka kumveka kutsidya kwa Dikirani, kumene anthu ena anayamba kutola nkhuni poganiza kuti kwagwa maliro aakulu.

"Mumakonda za kunja, zanu mukuzinyoza. Mumavala zosayenera nyengo kuti anthu akuoneni. Mukamva kanthu kachilendo mumakathamangira ngati ana, ntchito yeniyeni ili pomwepo. Mulibe manyazi? Dzukani. Gwirani ntchito. Dziko latopa nanu!"

Mawu amenewa anawalemba a Mwandimvetsa poganizira anyamata a pamsika ovala majekete m'chilimwe.

Atamaliza, Lufeyo anatsitsa dzanja, koma maso sanatsegule. M'mutu mwake ankamva kale kulira kwa abakha.

Kenako kuomba m'manja kunamveka, kwa munthu mmodzi, kuchokera m'tenti. Nduna zitaona amene akuomba, zinaomba mwamphamvu kuposa pamenepo. Asilikali anaika pansi mabotolo naomba. Msika nawo unaphulika: nthungululu, malikhweru, madengu m'mwamba. Wosoka nsapato ankamenyanitsa nsapato za kasitomala. Palibe amene anakumbukira tsiku lina limene anthu a ku Tcherakhutu anaombera m'manja zolankhula za boma popanda msilikali kuwayang'ana.

Mfumu inaitana Lufeyo. Iye anayenda chogwada.

"Mwana wanga," inatero mfumu, ikupukuta thukuta pansi pa chipewa, "ngakhale wa pa bokosi uja sanafike pamenepa. Ndipo wachita mwanzeru kutembenuka. Ndakhala nthawi yaitali ndikufuna munthu woti awauze anthu akhala kumbuyo kwangawa. Chala chako ndinachiona bwino ndi magalasi anga atsopano. Chinadutsa pamwamba pa chipewa changa n'kulunjika pa iwo. Njinga ndi yako."

Nduna zinaweramitsa mitu, koma pambuyo pake zinagwirizana kuti chalacho chinadutsanso pamwamba pa mitu yawo n'kulunjika pa asilikali, amene ulesi wawo ndi wodziwika. Asilikali nawo anakambirana, napeza kuti chinkaloza mtengo wa mango umene unali kuseri kwa tenti, umene sunabereke chaka chimenecho. Mtengowo unadulidwa Lolemba.

Lufeyo anatsika pa nsanja chobwerera m'mbuyo, kuti asakumane maso ndi ndowa ya thobwa. Esinati anamupeza kuseri kwa matumba a makala, akupuma ngati ng'ombe yochokera pa goli. Posakhalitsa mapazi aja anafika chapafupi, ndipo Lufeyo ananjuta.

"Esinati," anatero mayi Nachanza, "uwauze amuna akowo kuti msana wawo ndauona. Ndi msana wa munthu woleredwa bwino. Uwapatse thobwa latsalali anyowetse kukhosi. Ndipo uwauze kuti chigawo cha kudambo chija, chimene ankachiyang'ana chaka chatha, alimemo."

"Akuti mulime kudambo," anatero Esinati.

"Muwauze amayi kuti ndathokoza," anatero Lufeyo, mawu atasasa ngati a chule.

"Uwafunsenso, Esinati. Kuharanga kwachiwiri kuliko liti? Thobwa layenda bwino lero."

Kuharanga kwachiwiri sikunachitikebe. Nduna zinakhazikitsa komiti yoona mbali imene Mharangi ayenera kuyang'ana, ndipo komitiyo ikudikira kuti a Mawatiyamba aitanitse msonkhano woyamba. Lufeyo amayenda pa njinga yake polengeza maliro ndi mbuzi zosowa, ndipo akaona chitenje cha maluwa achikasu amalowa nayo m'tchire njingayo.

Za kumene chala chinaloza, anthu a pamsika sakangana. Wosoka nsapato anali atasunthira cham'mbali mwa nsanja, pamene ankaona dzanja lonse kuyambira paphewa mpaka ku chikhadabo, ndipo mayi wa tomato anali naye pomwepo. Dzanjalo silinakwere, silinapatuke. Kuyambira mawu oyamba mpaka omaliza linaloza pa mpando wa patsogolo pakatikati. Munthu woyamba kuharangidwa mu ufumu wa Tcherakhutu anali Mfumu Ndanenabasi, ndipo ndi yomweyo imene inayamba kuomba m'manja.